Amisiri a mphepo a ku Chintheche

Munthu woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Dwangwa kulowera ku Nkhata Bay saona chumuni cha fakitale akafika pa Chintheche. Amaona minda ya chinangwa, mitengo ya mango, mathandala a usipa, malo ogona alendo ndi mchenga woyera. Ngati amva phokoso la makina, ndi la chigayo, la injini ya boti kapena la owotcherera zitsulo pamsika. Komabe dera limeneli lakhala likubala amuna odziwa makina aakulu kuyambira kalekale, ndipo ena a iwo anakalambira pa ntchito imene sitchulidwa pamaliro kapena pamsonkhano: kusamala mafani okankha mphepo m'migodi ndi m'mafakitale kuti asaime. Lusolo analiphunzira kwa eni ndipo analitumikira kwa eni, chifukwa kwawo kunalibe makina ambiri oti aligwiritsirepo ntchito.

Zinayambira pa Bandawe. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia kumeneko kuchoka ku Cape Maclear, ndipo Atonga, amene masiku amenewo ankakhala mothinana m'malinga poopa nkhondo za Angoni, analandira sukulu ndi manja awiri. Mishoni itakwera ku Khondowe mu 1894, anyamata ochita bwino ankapitiriza ku Overtoun Institution, kumene kuwonjezera pa mabuku kunali ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza. Kampani ya African Lakes, imene aliyense ankangoitcha Mandala, inkalemba Atonga ntchito ya mtengatenga ndi ya m'sitima zake zapanyanja. M'sitima zoyendera nthunzi zija ndi mmene ana a kuno anayamba kuona ndi maso awo kuti chitsulo chozungulira pa chinzake chimafuna mafuta pa nthawi yake, apo ayi chimatentha mpaka kugwirana.

Kenako kunabwera boma la atsamunda, likulu lake la chigawo cha West Nyasa n'kukhala pa Chintheche pomwepa, ndipo linabwera ndi msonkho. Chinangwa ndi nsomba zinkadyetsa banja koma sizinkabala ndalama. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: amuna anayamba kulowera ku Halale ndi ku Joni, ambiri mwa iwo paselufu, osadikira kulembedwa ndi kampani iliyonse. Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, anayenda njira yomweyo. Anagwirapo ukalaliki m'migodi ya ku Southern Rhodesia asanakafike ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU. Iye mbiri inamusunga chifukwa ankalankhula pansanja. Anzake zikwizikwi anatsikira pansi panthaka, ndipo za iwo tinangozimva pakhonde madzulo.

Kuti munthu amvetse ntchito ya fani, ayambe wamvetsa mgodi. Pansi pa nthaka mphepo siyenda yokha. M'migodi yagolide yozama kwambiri miyala imatentha kupitirira madigiri 50. Akaphulitsa miyala, mumadzaza utsi wakupha ndi fumbi losaoneka ndi maso limene limakhazikika m'mapapo, munthu n'kudzayamba kutsokomola atabwerera kale kumudzi. M'migodi yamalasha mumatulukanso mpweya woyaka wa methane, wopanda fungo. Choncho mgodi umakumbidwa ndi maenje osachepera awiri, lina lolowera mphepo yabwino, lina lotulukira yoipa. Pakamwa pa dzenje lotulukiralo pamakhala chifani chachikulu, chotalika kuposa munthu, chokoka mpweya usana ndi usiku, pa Sabata ndi pa Khirisimasi pomwe. Pansi pamakhala mafani ang'onoang'ono opopera mphepo m'mipope mpaka kumathero kumene anthu akuboola. Anthu akhoza kuweruka, koma fani siweruka.

Lamulo la migodi la ku South Africa la mu 1911 linasungira azungu ntchito zaluso. Munthu wakuda, ngakhale adziwe makina chotani, sankalembedwa kuti fitala. Ankakhala sipanala boyi, wonyamula bokosi la zida pambuyo pa bwana. Komatu amene ankagwada pa beyaring'i ndi kansanza m'manja anali iyeyo. Amalume anga ena anagwira ntchito imeneyi, ndipo akamaifotokoza ankayambira pa khutu, osati pa girizi. Ukalowa m'nyumba ya fani, ankatero, uyambe waima kaye n'kumvetsera. Fani yabwino imalira mawu amodzi osasintha, ndipo wakuizolowera amadziwa kuti lero yasintha asanaone chilichonse. Ukatero umaika dzanja pa chitsulo chophimba beyaring'i. Chikakhala chofunda, zili bwino. Dzanja likakana kukhalapo, pali nkhani. Kenako umatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake pa chitsulocho, chigwiriro chake kukhutu. Beyaring'i yamoyo imamveka kuti sii, mosalala. Youma imalira mokwecha. Yomwe yayamba kudyeka imagogoda, ndipo yotereyo girizi saichiritsa. Imangofuna kusinthidwa tsiku lisanaipe. Pomaliza umawerenga msinkhu wa madzi m'kagalasi kopindika koonetsa mphamvu ya kukoka kwa fani, bwana n'kulemba m'buku. Zonsezi zikatha m'pamene pampu ya girizi inkatuluka m'thumba.

Anthu a ku Malawi anaona okha zimene mpweya wa pansi ungachite. Pa 6 June 1972, mgodi wamalasha wa Wankie No. 2 ku Rhodesia unaphulika, fumbi la malasha n'kufalitsa motowo m'njira zonse. Anthu oposa 420 anafa, mwa iwo munalinso ochokera ku Malawi, ndipo matupi ambiri anatsekeredwa momwemo. Mpaka lero ku Hwange amakumbukira tsikuli pa Kamandama chaka ndi chaka. Pasanathe zaka ziwiri, mu April 1974, ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi, inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo amuna oposa 100,000 anayamba kubwerera. Ulendo wa kumigodi, umene anthu ankautcha wa Theba, unatsegukanso mu 1977 koma mwapang'ono, n'kudzatsekeka mu 1988 pa mkangano wa zoyeza anthu kachilombo ka HIV. Kupatula matchona amene anatsalira komweko, amuna anafika ndi masutikesi, mawayilesi, njinga ndi malata. Ena anafika ndi chifuwa. Ena anafikanso ndi masipanala okulunga m'nsanza yamafuta, akuyembekezera kuti kwawo kukubwera ntchito.

Chiyembekezocho sichinali maloto. Pamwamba pa mapiri a Viphya boma linali litadzala paini pa mahekitala pafupifupi 53,000, nkhalango imene timaitcha Chikangawa, ndipo cholinga chake chinali chakuti mitengoyo izidzatsikira ku fakitale yopera zipangizo za mapepala yoti imangidwe pa Chintheche, pafupi ndi madzi ambiri. M'zaka za m'ma 1970 dzina la Vipcor, kampani ya fakitaleyo, linali pakamwa pa aliyense. Fakitale yotero imadzaza ndi mafani, ena opemerera moto wa maboyila, ena oumitsa, ena otulutsa utsi, ndipo wobwerera kumigodi aliyense wodziwa kugwira sipanala ankadziona ali m'kati. Koma ndalama zofunika zinali zochuluka, msika wa kunja unali kutali, ndiponso panali mantha akuti madzi otayidwa m'fakitalemo angaphe nsomba za m'nyanja. Nkhaniyo inazilala pang'onopang'ono. Mitengo ya Chikangawa inadzapeza ntchito ina ya matabwa ndi pulayiwudi kumtunda komweko. Asodzi sangadandaule kuti madzi a nyanja anapulumuka, koma amisiri aja anatsala ndi luso m'manja lopanda poligwiritsa.

Amene anapeza pogwira anapeza m'maesiteti. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi muno, n'chifukwa chake mbewu zosamera kwina kumpoto zimachita bwino kuno. Pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay msewu umadutsa mumthunzi wa mitengo ya mphira ya Vizara, pamene ana amaimika apaulendo ndi mipira yokulunga ndi ulusi wa mphira. Dzina la Chombe, limene ambiri amalidziwira pa paketi ya tiyi, ndi la esiteti ya m'boma lomweli. Kumtunda kolowera ku Mzuzu kuli Kawalazi, kumene amalima tiyi ndi makademiya. Ndipo fakitale ya tiyi iliyonse, kaya ndi ya kuno kaya ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, imadalira mphepo kuposa mmene womwa tiyi angaganizire.

Tsamba likathyoledwa limakhala lodzaza madzi, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a kulemera kwake. Pamafunika makilogalamu anayi ndi theka a tsamba laliwisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndipo madzi onsewo amachotsedwa ndi mphepo. Likafika pafakitale, tsamba limayalidwa m'zofotetsera zazitali zokhala ndi waya wa sefa pansi. Kumapeto kwa chofotetsera chilichonse kumakhala fani yokankha mphepo kunsi kwa sefayo kuti idutse m'masamba kwa maola oposa khumi, kawirikawiri usiku wonse, mpaka tsamba litafota moti n'kulifumbata osathyoka. Likadulidwa ndi makina, limapemereredwanso mphepo yozizira pamene likusintha mtundu kuchoka kobiriwira kupita kofiirira. Pomaliza limalowa mu choumitsira, mmene mafani amphamvu amakankha mpweya wotenthetsedwa ndi moto wa nkhuni za bulugamu mpaka chinyezi chitatsala pafupifupi 3 peresenti. Fani ya chofotetsera ikaima usiku popanda wozindikira, tsamba lounjikana limadzitenthetsa lokha n'kufiira, ndipo thukuta la othyola la tsiku lonse limathera pamenepo. Kumgodi fani inkasunga moyo wa munthu. Kuno inkasunga malipiro ake.

Ntchito ya fitala m'fakitale ya tiyi imatsata mvula. Kuyambira December mpaka April tsamba limabwera mosalekeza, makina sapuma, ndipo chimene chingatheke ndi kuyendera tsiku ndi tsiku: kumvetsera, kugwira, kuthira girizi pa tsiku lake, kumanga bawuti lomasuka. Nyengo ya mwera ikafika, kuzizira n'kuchepetsa tsamba, m'pamene mafani amamasulidwa imodziimodzi, mabeyaring'i n'kutsukidwa kapena kusinthidwa, mamota n'kupukutidwa fumbi. Wozengereza m'mwezi wa July amadzalira mu February.

Pa girizi m'pamene wophunzira ntchito amakodwa, chifukwa nzeru yake imamuuza kuti wochuluka ndiye wabwino. Amisiri akale ankaletsa zimenezi kuposa china chilichonse. Girizi ali ngati mchere m'ndiwo: wochepa ndi vuto, wochuluka ndi vuto lomwelo. Beyaring'i ikadzazidwa thothotho, timipira tam'kati timavundula girizi mosalekeza, kutentha kumakwera, girizi amasungunuka n'kuboola zotsekera, ndipo beyaring'i imene inakhutitsidwa dzulo imapezeka youma mawa. Muyeso wake ndi gawo limodzi mwa atatu, osapitirira theka la malo a m'kati. Usanalumikize pampu, kamlomo kothirirako kapukutidwe, chifukwa fumbi lokhala pamenepo limalowa limodzi ndi girizi n'kuyamba kupala chitsulo. Mitundu iwiri ya girizi isasakanizidwe, pakuti ina ikakumana imasanduka madzi kapena kuuma gwa. Chitini chisasiyidwe chovundukula, makamaka kuno kumene chinyezi chimachititsa dzimbiri ngakhale chitsulo chili m'nyumba. Ndipo poti tiyi ndi chakudya chimene chimakoka fungo msanga, dontho lililonse lotuluka m'mbali liyenera kupukutidwa lisanafike patsamba.

Malamba nawo ali ndi mwambo wake. Lamba wolefuka amaterereka n'kumalira, fani n'kumazungulira mwaulesi. Womangitsa amakoka shafiti mbali imodzi n'kupha beyaring'i yatsopano miyezi isanathe. Fitala amamudina ndi chala chachikulu pakatikati kuti aone mmene akugonjera, ndipo amakoka chingwe pa magudumu awiriwo kuti aone ngati ali mumzere umodzi. Pa makina oyendera malamba angapo, mmodzi akatha amasinthidwa onse, chifukwa watsopano amasenza katundu yekha anzake otanuka akungotsatira. Mapiko a fani amakutidwa ndi fumbi, ndipo chigamba cha fumbilo chikagwa mbali imodzi, fani imalemera mbali inayo n'kuyamba kunjenjemera. Kunjenjemerako kumamasula mabawuti, kumang'amba zowotcherera, mapeto ake kumathyola phiko. Choncho popala amapala mapiko onse mofanana. Palinso msampha wina umene umagwira ngakhale odziwa. Mota ikabwera kokonzedwa, mawaya awiri n'kusinthana malo, fani ya mtundu wa nkhono imazungulira chambuyo koma n'kumatulutsabe mphepo pang'ono, moti anthu amatha masiku akudabwa chifukwa chake tiyi sakuuma. Ndipo lamulo loposa onse linali la dzanja: zimitsa, khoma loko pa swichi, kiyi m'thumba mwako, kenako pinga mapiko ndi mtengo, chifukwa fani yozimitsa imatha kuzunguliridwa ndi mphepo yodutsa mumpope.

Lero magetsi opita kumpoto amadutsira pa siteshoni ya ESCOM ya pa Chintheche, ndipo mu 2018 anamaliza kumanga chingwe champhamvu cha 132kV kuchokera pomwepa kupita ku Luwinga ndi ku Bwengu. Anyamata akupitabe ku Joni paselufu monga ankachitira azigogo awo, ngakhale tsopano ambiri amakagwira m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'masitolo, osati m'migodi. Fani yaikulu imene mwana wa pa Chintheche amakula akuiona ndi ya m'chigayo, ija imauluza ufa kuchoka pa nyundo kukwera nawo mumpope kuti ukatsikire m'thumba. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya kumgodi, koma malamulo ake ndi omwe aja, ndipo makaka osaumitsitsa amamata mapiko ake mofulumira kuposa chimanga.

Pa chigayo china cha m'dera lino ndinaona mkulu wina wa imvi, amene anabwera kudzangoperekeza mdzukulu ndi thumba la makaka, akukweza dzanja kuti mnyamata wogayitsa azimitse. Pamzere panali amayi angapo, ndipo mnyamatayo anayankha mwaulemu koma mosakondwa.

“Agogo, chikugwira bwinobwino ichi. Girizi ndathira m'mawa womwe uno.”

“Ndamva kuti wathira, mwana wanga. Tabwera ugwire apa.”

Mnyamatayo anagwira chitsulo cha beyaring'i ya kumbali ya fani n'kuchotsa dzanja msanga. M'mbali mwake munkatsika girizi wakuda wosungunuka, wosakanikirana ndi ufa. Mkuluyo anadikira kuti makina aime zii, anaonetsetsa kuti swichi yatsitsidwa, kenako anapempha sipanala. Anatsegula chophimba, anakokolola girizi wochulukayo ndi kamtengo, ndipo anazunguza shafiti ndi dzanja khutu lili pafupi. Atatero anatsegula kachitseko ka fani n'kumuonetsa mnyamatayo ufa wa chinangwa utauma pa mapiko ngati pulasitala, mbali ina wakakamira, mbali ina wagwa. Anapala mapiko onse, anadina lamba ndi chala, anamanga mabawuti awiri a pansi amene anali atayamba kuvina. Amayi aja anadandaula za nthawi, koma chigayo chitalizidwanso, ngakhale iwo anamva kuti malata a denga asiya kunjenjemera.

Mwini chigayo atafika anafuna kupereka kangachepe. Mkuluyo anakana, m'malo mwake anapempha kope la sukulu ndi cholembera. Anajambula mizere inayi, wa tsiku, wa beyaring'i, wa lamba ndi wa mapiko, n'kulikoleka pa msomali pafupi ndi swichi. Anawawerengera mwiniwakeyo masamu ake: chitini cha girizi ndi ola limodzi pa sabata mbali iyi, mbali inayo mota yopsa, ulendo wa ku Mzuzu kokakulungitsa mawaya, ndi masabata amene amayi a m'mudzimo adzasenze makaka kupita ku chigayo cha kutali, ena osadzabwereranso.

“Bambo, makina muziwasankhira nokha tsiku lopuma,” anatero akupukuta m'manja. “Mukawalekerera amadzisankhira okha, ndipo amasankha tsiku limene pakhomo pali mzere.”